Chimbale choyamba cha Van Halen ndi sukulu ya gitala

Oimba gitala, mverani chimbale choyamba cha gulu la nyimbo za rock la Van Halen, cha 1978, mutavala mahedifoni. Gitala ya Eddie Van Halen ili khutu lamanzere, kumanja kukumveka reverb yake, kulira kobwerera ngati kwa m'chipinda chachikulu. Ted Templeman, yemwe ankayang'anira ntchito ya chimbalechi, anajambula gululi ku situdiyo ya Sunset Sound likuimbira limodzi, osawonjezerapo zambiri pambuyo pake, n'chifukwa chake mpaka lero chimbalechi chimamveka chamoyo.

Mukafuna kamvekedwe kameneko, tsitsani nsambo zonse theka la noti. Ambiri amalakwitsa pochulutsa distortion (kulira kokhakhala kwa gitala), manoti n'kusokonekera. Eddie ankatsegula ampulifaya yake ya Marshall mpaka kumapeto, koma atachepetsa mphamvu ya magetsi ndi chipangizo chotchedwa Variac.

Tapping (kuliza manoti pogogoda nsambo pakhosi pa gitala ndi zala za manja onse) ya mu nyimbo ya "Eruption" ya m'chimbalechi inasintha kaimbidwe ka gitala ka m'ma 1980. Poiphunzira, khudzitsani chikhatho pansambo zomwe simukuimba, apo ayi zimangolira zokha.