Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 6: Thalakitala Yofiira ya Abambo

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene tinachoka kumudzi kwa amayi n'kukakhala pa esiteti ya fodya cha ku Santhe, m'boma la Kasungu. Munali mu 1982, ine ndili Sitandade 2. Abambo anali atalembedwa ntchito yoyendetsa thalakitala, ndipo kuyambira pamenepo dzina langa linaiwalika. Pachitsime, kusukulu, ngakhale kutchalitchi, ndinali mwana wa adalaivala basi, ndipo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Thalakitalayo inali Massey Ferguson 135. Yofiira, ngakhale kuti pabonetipo dzuwa linali litasulutsa utoto mpaka kuoneka ngati njerwa yosapsa bwino. Inalibe denga, inalibe galasi. Mpando wake unali mbale yachitsulo chabe, ndipo amayi anachita kusoka kapilo ka chiguduli, n'kuikamo thonje, kuti msana wa abambo usatheretu. Mtundu umenewu ankaupanga kuyambira 1964 mpaka 1975, choncho pamene ife tinkafika inali itakalamba kale. Koma injini yake, Perkins ya masilinda atatu, inali ndi kaliridwe kakekake. Ikamabwera kuchokera kumunda madzulo, amayi ankatereka madzi a nsima isanaoneke n'komwe.

Tambala woyamba akalira abambo ankadzuka. Masiku a tchuthi ndinkawatsatira nditanyamula nyali. Choyamba ankasolola kachitsulo koonera oyilo, kupukuta pa nsanza, kubwezeramo, kusololanso. Kenako madzi a mu rediyeta. Akatero ankagwada n'kuyang'ana kambale kagalasi komwe dizilo amadutsa, m'mene madzi ndi zinyalala zimadikha pansi, chifukwa dizilo wa m'migolo sankalephera kukhala ndi litsiro. Batire linafa kalekale ndipo kuofesi ankangoti mawa, mawa. Ndiye madzulo aliwonse abambo ankaimika thalakitala pamtunda, pomwe panali chulu chakale kuseri kwa mabalani, itapenya kumunsi. M'mawa anyamata awiri atatu ankangoikankha pang'ono, iyo n'kutsetsereka, abambo n'kusiya kilachi. Kutsokomola kawiri, utsi wakuda tolo, kenako phu-phu-phu.

Sanapiteko kusukulu ya umakaniko, koma makutu awo ndiwo anali sukulu. Ankatenga sikuludilaiva yaitali, nsonga n'kugunditsa pa injini ikulira, chigwiriro n'kuika pakhutu, maso atatsinzina ngati munthu akupemphera. Dizilo akatha pakati pa munda n'kulowa mpweya m'mapaipi, ine ndi amene ndinkapopa kachitsulo ka pampu ndi chala, iwo akumasula kabawuti mpaka thovu litatha, dizilo n'kuyamba kutuluka woyera. "Popa, mwanawe, usatope. Ikupuma imeneyi." Fungo la dizilo pa zala zanga linkatha masiku awiri, ndipo sindinkafuna kuti lichoke.

Kuseri kwa shedi ya zipangizo kunali manda a zitsulo. Mapulawo a mbale odyeka m'mphepete, hara wothyoka mano, jeke yakale yodindira mabelo, ndi chigoba cha kathalakitala kotuwa komwe ife ana tinkaseweretsa. Ndinadzadziwa nditakula kuti kanali Ferguson TE20, ka ku Coventry ku England, komwe ankapanga pakati pa 1946 ndi 1956. Kumbuyo kwake kunali mikono itatu yachitsulo, chimodzimodzi ya thalakitala ya abambo: iwiri m'munsi, umodzi pamwamba. Nzeru imeneyi inali ya Harry Ferguson. Pulawo imamangidwa ku mikonoyo n'kukhala ngati chiwalo cha thalakitala, moti kulemera kwa dothi kumakanikiza matayala akumbuyo kuti agwire pansi, ndipo pulawo ikakodwa pa chitsa thalakitala sigadabuka chagada. Abambo dzina la mzunguyo sankalidziwa, koma chimene mikonoyo imachita ankachidziwa kuposa aliyense pa esiteti ija.

Ndinazionera ndekha mu February wa 1985. Fodya wathu anali wa fulukiwa, wowotcha m'mabalani, ndipo balani ikayatsidwa moto suzima usana ndi usiku pafupifupi sabata yathunthu. Nkhuni zomwe anaunjika m'chilimwe zinatha fodya akadali m'munda. Ndiye anatuma abambo kukatuta zina kutsidya kwa dambo, mvula itagwa masiku atatu osalekeza. Popita tinadutsa bwino. Pobwerera ngolo yodzaza mitengo ya mombo ndi msuku inatitimira mpaka pa ekiselo.

Abambo anamasula ngolo, n'kutulutsa thalakitala yokha mpaka pouma, kuti akoke ndi tcheni. Anauza mnyamata amene ankawathandiza, yemwe ankaphunzira kuyendetsa, kuti amange tcheni, iwo n'kutsikira m'matope kukaika nthambi kunsi kwa matayala a ngolo. Mnyamata uja anamanga tcheni pamwamba, pamene pamalowa mkono wachitatu, kuseri kwenikweni kwa mpando, poganiza kuti potero sikhudza matope. Ndiye pofuna kuonetsa kuti wadziwa ntchito, anakwera, n'kuika giya.

Ndinali chapafupi, nditanyamula chikwanje. Tcheni inakungika. Ngolo sinasunthe. M'malo mwake matayala akutsogolo anayamba kunyamuka, pang'onopang'ono, ngati mbuzi yofuna kudya masamba a m'mwamba. Ndinaona mimba ya thalakitala, matope akugwa kuchokera kunsi kwake.

"Kilachi! Ponda kilachi, iwe!"

Mawu otere sindinawamvepo kukamwa kwa abambo, kale kapena pambuyo pake. Mnyamata anaponda. Thalakitala inagwa ndi mphuno, phi, nyali imodzi n'kusweka. Anatsika miyendo ikugwedera, n'kukhala pansi m'matope momwemo. Ine ndinkadikira khofi. Abambo sanamumenye. Anamugwira dzanja, n'kumutengera kumbuyo kwa thalakitala, n'kumugwiritsa chitsulo chokokera cha m'munsi. "Chilichonse chokoka umamanga pano, kunsi kwa ekiselo. Ukamanga pamwamba, thalakitala imakwera tayala lake lomwe, ndipo amene amakhala pansi ndiwe. Wamva, mphwanga?" Tinatsitsa nkhuni theka, tinakoka, tinapakiranso. Tinafika kumabalani nyenyezi zitatuluka, ndipo kuofesi anadula mtengo wa nyali ija pamalipiro a abambo. Iwo sananene kuti anaswa ndani.

Ndikadutsa kumeneko lero mtima umandiwawa, chifukwa tsidya lija kulibenso nkhalango. Mitengo ija tinaituta ndife, ngolo ndi ngolo, ine ndikuimba pamwamba pa nkhuni.

Koma chimene chinkandisowetsa mtendere ngakhale ndili mwana ndi ichi. Pofika October abambo ankagalauza minda ya bwana kuyambira m'bandakucha mpaka mdima, maekala osawerengeka, nkhope yonse fumbi lofiira, maso okha mbee. Akaweruka Loweruka masana ankatenga khasu n'kutsatira amayi ku kamunda kathu ka chimanga. Ekala imodzi yokha, yomwe thalakitala ikanaimaliza dzuwa lisanafike pamutu, ife tinkalimbana nayo masabata. Akapitawo ankayeza dizilo ndi kamtengo kolembedwa mizere, m'mawa ndi madzulo. Tsiku lina matuza atandiphulika m'manja ndinafunsa:

"Ababa, bwanji osangobwera nayo usiku, n'kudutsamo kawiri?"

Anaimika khasu, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Imeneyo ili ndi mwini wake. Ine anandibwereka mpando wokha."

Anthu akamakamba za nthawi ya Kamuzu, Kasungu ili pachimake ndi fodya, malole akupita ku okushoni ku Kanengo atadzaza mabelo, amanena ngati kuti boma lonse linkalima ndi makina. Ayi ndithu. Makina anali kuseri kwa waya wa esiteti. Kunja kwa waya kunali khasu, ndipo mpaka lero m'midzi yambiri likadali khasu lomwelo.

Abambo sanagonje. Mu 1987 anagula pulawo ya ng'ombe, ya Agrimal, ng'ombe alibe. Inakhala pakhonde zaka ziwiri, iwo akuipaka oyilo wakutha kuti isachite dzimbiri, anthu akuseka kuti adalaivala adzamanga akazi awo pagoli. Chaka chachitatu anabwera ndi ng'ombe ziwiri zofula. Goli anasema okha. Tsiku loyamba kulima munda wathu, ine ndikutsogolera ng'ombe, iwo atagwira mapondo a pulawo, mzere woyamba unakhota ngati njoka. Anaima kumapeto, n'kucheuka, n'kuseka mpaka misozi. Munthu amene ankadula mzere wowongoka ngati chingwe m'munda wa eni! Amayi analulutira ali pachulu.

Esiteti inayamba kudwala m'zaka za m'ma 1990. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale, matenanti ambiri anabwerera kwawo kukamanga zigafa zawozawo. Kwacha itagwa mu 1994, mtengo wa sipeya unathawa. Pampu ya dizilo itawonongeka, anaitenga kuti akaikonzetse ku Lilongwe, ndipo sinabwerenso. Thalakitala anaikweza pa njerwa. Matayala anagulitsa. Nkhuku zinayamba kuikira pansi pa boneti. Pamene ankatseka esiteti, abambo anali ndi malipiro a miyezi isanu omwe sanalandire. Atatopa n'kuyendera, anapempha chinthu chimodzi, ndipo anawapatsa mosavuta: anapita ndi sipanala, n'kumasula mpando uja. Zotsalazo anadzazitenga ogula zitsulo zakutha, atazidula zidutswazidutswa, n'kuyeza pa sikelo.

Mpandowo anaukhoma pa chitsa cha muwanga pakhonde kumudzi, ndipo ndi pomwe ankakhala mpaka ukalamba. Makutu anali atagontha ndi phokoso la zaka zonse zija, moti polankhula nawo tinkachita kukuwa. Chaka chomaliza cha moyo wawo ndinapita kukawaona m'nyengo yokolola. Tili chikhalire, mumsewu wafumbi munadutsa thalakitala yakale yofiira, ikukoka ngolo ya chimanga. Ine ndinali pakati pa nkhani ina. Anakweza dzanja kuti ndikhale chete, n'kupendeketsa mutu, maso atatsinzina.

"Imeneyo ikuyendera masilinda awiri," anatero. "Thamanga, mwanawe, ukamuuze aime. Aone injekita."

Ndinali ndi zaka 41, nditavala nsapato za kuofesi. Ndinathamanga.