Lachitatu: azakhali aphunzira kudyetsa mwana pa kachubu

Lero ntchito inali pa banja lomwe linatenga kamtsikana ka zaka ziwiri kuti kakhale kawo. Mwanayu ali ndi vuto la mu ubongo lomwe limamulepheretsa kumeza bwino, amadwala khunyu, ndipo usiku amagona ndi okosijeni. Chakudya chimadzera pa kachubu kolowa m'mphuno mpaka m'mimba. Amayi ndi abambo zonsezi anaziphunzira kuchipatala ndipo manja awo anazolowera. Chomwe chikuwamaliza ndi tulo. Chibwerereni mwanayu palibe wagonapo mpaka kucha, chifukwa palibe wachitatu womusiyira. N'chifukwa chake tsiku lonse lathera pa azakhali ake, omwe avomera kuphunzira.

Tinayamba ndi kachubu. Musanathiremo kalikonse, ngakhale madzi, muyenera kutsimikiza kuti nsonga yake ili m'mimba. Kamasuntha mwana akatsokomola kwambiri, akasanza kapena akakakola ndi chala, ndipo nsonga ikakwera kummero mkaka umakathera m'mapapo. Mapeto ake ndi chibayo. Choyamba onani nambala ya pa kachubu pakhomo pa mphuno, ngati ikadali yomwe inalembedwa tsiku lomwe anakaika. Kenako kokani timadzi ta m'mimba ndi sirinji n'kudonthezera pa kapepala koyezera asidi. Kakaonetsa pH (muyeso wa asidi) ya 5.5 kapena kutsika apo, dyetsani. Kakaposa, lekani. Azakhali anafunsa za njira yomwe anaonapo, yopopera mpweya n'kumvetsera pamimba. Imeneyo inasiyidwa, chifukwa phokoso lake limamveka ngakhale kachubu kali m'mapapo.

Ulendo woyamba sirinji sinakoke kanthu, azakhali thukuta kamukamu. Si zachilendo: nthawi zambiri nsonga imakhala yamatirira pa khoma la mimba. Anamugoneka mwana chakumanzere, anadikira mphindi 15, atakokanso timadzi tinabwera. Dziwaninso kuti mankhwala ochepetsa asidi, monga omeprazole, amakweza pH, ndiye mwana amene amamwa mankhwala otere afunika malangizo akeake ochokera kwa dokotala, olembedwa papepala.

Podyetsa, mutu ndi chifuwa zikhale zodzuka madigiri 30 mpaka 45, ndipo akhalebe choncho kwa theka la ola akamaliza. Sirinji ikakwezedwa m'mwamba mkaka umathamanga, ikatsitsidwa umayenda pang'onopang'ono. Ophunzira kumene amaikweza kuti athane nazo msanga, mwana n'kusanza. Akayamba kutsokomola kapena milomo ikasintha mtundu, pindani kachubu nthawi yomweyo.

Mankhwala ndi amene amatseka machubu. Aliwonse alowe paokha, pakati pake padzere madzi a muyeso womwe anamwino analemba, ndipo asasakanizidwe ndi mkaka. Mapiritsi opangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono m'thupi saphwanyidwa, chifukwa mphamvu yonse imalowa kamodzi. Kachubu kakatseka, madzi ofunda ndi kukankha n'kukoka mofatsa. Osakakamiza ndi kasirinji kakang'ono, kamapanikiza kwambiri mpaka kachubu kuphulika, ndipo waya asalowemo ndi pang'ono pomwe.

M'kope la pakhomo tinapeza kuti mwanayu papita miyezi asanakwere sikelo, chonsecho wanenepa ndithu. Mankhwala a khunyu a ana amawerengedwa malinga ndi makilogalamu, ndiye mwana akakula muyeso wakale umachepa mphamvu. Abambo aimba foni kuchipatala ndipo apatsidwa tsiku. Kuonjezera okha, ayi.

Masana khunyu linabwera, ngati kuti linamva. Azakhali anathamangira supuni kuti aike m'kamwa, abambo n'kuwagwira mkono: "Achemwali, ayi, yang'anani wotchi." Anachita bwino. Munthu sameza lilime lake, koma supuni imathyola mano. Chofunika n'kumugoneka chammbali, kuchotsa zolimba pafupi, osamupanikiza, ndi kuwerenga nthawi. Lero linatha isanakwane mphindi imodzi. Likapitirira mphindi 5, kapena likabweranso mwana asanatsitsimuke, mumapereka mankhwala a pangozi omwe dokotala analemba, diazepam wodzera kumbuyo kapena midazolam wa m'mbali mwa tsaya, n'kuthamangira kuchipatala. Amayi anajambula pa foni, ndipo kavidiyo kotere kamamuuza dokotala zambiri kuposa kufotokoza. Mkaka wa masanawo unadikira mpaka mwana atadzuka bwinobwino, ndipo kachubu kanayezedwanso.

Pali zina zomwe banja lotenga mwana limakumana nazo lokha. Dokotala akafunsa za matenda a kumtundu, kapena momwe mimba ndi kubadwa zinayendera, makolo alibe yankho. Tinakonza pepala limodzi lokhala m'chikwama cha mwana nthawi zonse: matenda ake, kulemera kwake ndi tsiku lomwe anayezedwa, mankhwala ndi miyeso yake, kukula kwa kachubu ndi nambala ya pamphuno, ndi mawu oti mbiri ya makolo omubereka sikudziwika. Kumbuyo kwake tinaphatikiza kope la chikalata cha khothi, kuti usiku wa pangozi pasakhale mkangano wa amene asainire opaleshoni.

China n'chakuti mwanayu salira. Ana amene akhalitsa m'mawodi kapena m'nyumba zosungira ana, ena amasiya kulira, poti kulirako sikunkabweretsa munthu. Alendo amati ndi wofatsa. Ululu wake umaonekera kwina: mtima kuthamanga, thukuta, thupi kuuma, kutembenuza nkhope. Azakhali tinawaonetsa zimenezi.

Apa ndi pomwe ofuna kuthandiza amalakwitsa. Aliyense amafuna kumunyamula mwana, pomwe miyezi yoyambirira afunika adziwe manja a makolo ake ndi a munthu mmodzi kapena awiri okhazikika. Enanu chapani, tsukani masirinji, katengeni mankhwala, mutulutseni mchimwene wake wamkulu akasewere, amene masiku ano wangoti zii pakona. Ndipo wa chimfine asalowe, ngakhale akhale agogo.

Madzulo tinapita pa okosijeni. Makina ake asatsamire khoma kapena katani, ndipo sefa yake itsukidwe sabata iliyonse n'kuuma isanabwezeredwe. Magetsi akathima makina aima, ndiye silinda ikhale yodzaza, ndipo aliyense adziwe kuitsegula mumdima komanso maola omwe imatha pa muyeso wa mwanayu. Moto, kandulo ndi fodya zikhale kutali. Mphuno ikauma musadzoze Vaseline, mafuta otere amayaka msanga pali okosijeni. Pali zodzola zopangidwa ndi madzi. Kachipangizo koyeza okosijeni m'magazi ka pachala cha kuphazi kamalira chabe phazi likazizira kapena mwana akamaphiriphitha, choncho yang'anani mwana kaye, milomo ndi kapumidwe, kenako nambala.

Azakhali sanafike posiyidwa okha. Usiku uno akhala ndi mwana mpaka 12 koloko, amayi atagona chipinda chinacho chitseko chili chotsegula. "Alamu, kagoneni, ndikakayika ndikudzutsani," anatero. Chatsala ndi kuphunzira kutsitsimutsa mwana akasiya kupuma, ndipo zimenezo akaphunzira pa chidole kuchipatala sabata yamawa.