Ilha de Moçambique, kachilumba komwe Amalawi tikuyenera kukafikako

Ife Amalawi tikamati tikupita kunyanja timatanthauza Salima, Mangochi kapena Nkhata Bay basi, ndipo nyanja yathu ndi yokongola, izo palibe angatsutse. Koma lero ndikufuna ndikukokeni muyang'ane kum'mawa, kupitirira Mandimba ndi Cuamba uko, mpaka kunyanja yamchere m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, komwe kuli kachilumba kotchedwa Ilha de Moçambique. Ndi kakang'ono ndithu, mulitali ndi makilomita atatu okha ndipo m'malo ena mutha kuima pakati pa msewu n'kumaona madzi mbali zonse ziwiri, koma dziko lonse la Mozambique lidatenga dzina pa kachilumba komweka, ndipo ndi komwe kudali likulu la Apwitikizi mpaka 1898 pomwe adalisamutsira ku Lourenço Marques, yomwe lero timati Maputo.

Ine ndinadutsira pa Chiponde, kenako Cuamba, kenako Nampula, nde kuchokera ku Nampula mumakwera maminibasi awo aja amati chapa, ulendo wa makilomita pafupifupi 180. Ulendowo ndi wotopetsa, sindikunamizani. Koma mukafika pa mlatho kutopa konse kumatha. Mlathowu adaumanga m'zaka za m'ma 1960, ndi wautali kuposa makilomita atatu komanso ndi wopapatiza moti galimoto ziwiri sizingapatukirane kupatula pa malo ena omwe adawakuza dala, nde mumangoyenda pang'onopang'ono pamwamba pa madzi obiriwira, uku ngalawa za matanga zikudutsa, uku anyamata a njinga zamoto akukupitirirani.

Aliyense akafika amathamangira ku linga la São Sebastião lomwe lili kumapeto a chilumba chakumpoto, ndipo n'zomveka. Adayamba kulimanga mu 1558 ndipo ntchito yake idatenga zaka zoposa 50. Makoma ake ndi okhuthala zoopsa, mizinga yakale ikadali pompo italoza kunyanja, ndipo a Dutch adabwera kudzalizinga mu 1607 ndi 1608 koma adalephera kulilanda. Chomwe chinandigwira mtima ine kwambiri ndi nkhani ya madzi. Pachilumbapa palibe mtsinje, nde madenga a linga adawakonza kuti madzi amvula aziyenda m'tingalande n'kukagwera m'zitsime zikuluzikulu zomangidwa ndi miyala, ndipo n'chifukwa chake anthu ankatha kutsekeredwa mkatimo kwa miyezi osafa ndi ludzu. Mukatsika masitepe n'kusuzumira m'chitsimemo mumamva kuzizira, mawu anu amabwerera.

Kuseri kwa lingalo, pamwala penipeni pomwe mafunde amamenya, pali katchalitchi koyera ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522, komwe amati ndi nyumba yakale kwambiri yomangidwa ndi azungu yomwe idakalipo kumwera konse kwa equator. Ndi kakang'ono, anthu ochepa chabe kadzadza. Pansi pali manda, pamwamba denga lamiyala lokhotakhota, ndipo mphepo yamchere yadya makoma mpaka mukapaka dzanja njereza imatsalira kuzala. Kenako pali nyumba yofiira ija ya São Paulo, yomwe idamangidwa mu 1610 ngati sukulu ya ansembe a Jesuit, pambuyo pake n'kukhala nyumba ya bwanamkubwa, pano ndi myuziyamu, muli mipando ndi mabedi ogobagoba ochokera ku India ndi kwina, ndipo panja pake paima chiboliboli cha Vasco da Gama, Mpwitikizi woyenda panyanja yemwe adafika pachilumbachi mu 1498, atapeza kale Aluya ndi Aswahili akuchita malonda awo. Bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, la UNESCO, lidaika chilumbachi pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1991.

Tsono apa mpomwe ndikufuna mundimvetsetse abale anga. Chilumbachi chili pawiri. Kumpoto ndi tauni ya miyala, ya nyumba zakalezi, komwe kuli malo ogona alendo ndi malesitilanti. Kumwera ndi Macuti, komwe kumakhala anthu ambiri, nyumba zothithikana, zina zofolera ndi masamba a kokonati zina malata. Mukamayenda pa msewu waukulu mumadabwa kuti bwanji ndikuona madenga ali m'munsi mwa mapazi anga, kuti mulowe m'mudzimo mumachita kutsika masitepe. Chifukwa chake n'chakuti miyala yomangira tauni yokongola ija ankaikumba pomwepa, nde anthu osauka, antchito ndi akapolo ndi zidzukulu zawo adamanga nyumba zawo m'maenje omwe adatsalawo. Ine nditamva zimenezi ndinakhala kaye pansi. Mvula ikagwa madzi amathamangira komweko, ndipo namondwe Gombe wa mu Malichi 2022, yemweyo adatifikanso kwathu kuno kumwera, adawononga nyumba zambiri m'dera limeneli. Alendo ambiri amangojambula selifi ku linga n'kubwerera, ku Macuti osapondako, ndipo zimenezo zimandiwawa chifukwa kumeneko ndi komwe kuli moyo, ana akusewera mpira m'tinjira, amayi akukazinga nsomba pakhomo, ena atapaka nkhope zawo musiro woyera uja yemwe amampeza popera mtengo pamwala, madzulo mukumva kuitana kwa kumzikiti, mwina mwamwayi n'kupeza amayi akuyeserera gule wawo wa tufo atavala zitenje zofanana.

Ndipo musaganize kuti mbiri imeneyi ndi ya eni ake okha ayi. Amalonda a Chiyao ankanyamula minyanga ya njovu kuchokera kumadera a kunyanja yathu ino mpaka ku Mossuril, kumtunda moyang'anizana ndi chilumbachi, ndipo malonda a akapolo atakula anthu ankayendetsedwa njira zomwezo n'kukakwezedwa zombo zopita ku Réunion, Mauritius ndi Brazil. Pali kamunda ka chikumbutso kotchedwa Jardim da Memória m'mphepete mwa madzi, kokumbukira anthu amenewa. Munthu wochokera ku Mangochi kapena Machinga sungaime pamenepo mtima osagunda, chifukwa mwina mwa omwe adatulukira pagombe limenelo munali m'bale wa agogo a agogo ako. Chinanso, chiyankhulo cha kumeneko ndi Chimakhuwa, chomwe ndi chachibale ndi Chilomwe, nde amene mudakula ndi agogo ku Phalombe kapena ku Thyolo omwe amayankhulabe Chilomwe mudzatola mawu ena pamsika, anthu amasangalala kwabasi mukayesa.

Za magombe tsopano. Pachilumba penipenipo malo osambira abwino ndi ochepa, cha kufupi ndi linga ndiye kuli bwinoko, koma kuti mumve kukoma kwenikweni kwerani ngalawa ya thanga muwolokere ku Cabaceira ndi Chocas Mar, kapena ku kachilumba ka Goa komwe kuli nsanja ya nyali yowongolera zombo. Mchenga wake ndi woyera mbee, wosalala ngati ufa woyera wosefa. Koma chomwe chidzakudabwitseni inu ozolowera nyanja ya Malawi ndi chakuti nyanja iyi imachoka. Kawiri patsiku madzi amaphwa n'kubwerera kutali, chifukwa cha mphamvu ya mwezi, ngalawa zimatsala zitagona chammbali pamchenga, nde amayi ndi ana amalowa ndi mabeseni kukatola nkhono ndi nkhanu pomwe m'mawa panali madzi ofika m'khosi, pakapita maola angapo madzi aja abwereranso mwakachetechete koma mofulumira. Chifukwa chake ulendo wa ngalawa simupanga nthawi ndinu, amapanga ndi mwini ngalawa poona madzi ndi mphepo, akati tinyamuke mbandakucha musatsutse.

Cha ku Cabaceira kuli timitsinje ta madzi amchere tolowa m'kati mwa mitengo ija amati mangrove, yomera m'matope mizu yake ili pamtunda, ndipo madzi akadzaza mumadutsamo ndi bwato mwakachetechete, mukungomva nkhafi ndi mbalame. Madzi akaphwa mumaona tinkhanu tambirimbiri tikuthamangira m'mauna, tina tili ndi dzanja limodzi lalikulu kuposa thupi. Mitengo imeneyi ndi yomwe imasunga tiana ta nsomba komanso imatchinga mafunde nthawi ya namondwe, nde kuona ina itadulidwa chifukwa cha nkhuni ndi milimo kunandidandaulitsa, ngakhale ndikumvetsa kuti anthu akufuna pophikira, vuto lomweli tili nalo ndi makala kwathu.

Chakudya musade nkhawa, nsima iliko, iwo amati xima, nsomba ndi za tsiku lomwelo, koma yesaniko matapa de siri-siri, ndiwo za kamasamba komera m'mphepete mwa madzi amchere zotendera ndi kokonati ndi mtedza wa mbibu, pa mpunga. Ndalama tengani ma metical, sinthiranitu ku Nampula. Nthawi yabwino ndi yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, chifukwa Januwale mpaka Malichi ndi nyengo ya anamondwe, komanso mvetserani nkhani za chitetezo musananyamuke poti kumpoto ku Cabo Delgado kudakali mavuto. Anthu ambiri pachilumbachi ndi Asilamu nde valani mwaulemu mukamayenda m'mudzi, zosambira zisiyeni za kugombe, ndipo musajambule amayi a musiro musanapemphe. Mukafuna wokuperekezani tengani mnyamata wa ku Macuti komweko, mugwirizane mtengo musanayambe, ndipo mumuuze kuti ayambire kwawo kenako linga pambuyo.