Zikomo nonse amene munathandiza kuti amayi aione England

Abale anga, amayi ananyamuka dzulo ndipo angondiimbira kuti afika bwino ku Lilongwe, mlongo wanga wawatenga ali pa msewu wa ku Nkhotakota panopa, ndiye ndati ndisagone ndisanathokoze pagulu chifukwa kutumiza meseji kwa mmodzimmodzi zandikanika, mwachuluka kwambiri.

Ambiri mukudziwa kuti bambo anatisiya ndili chaka chachiwiri cha sukulu ya unamwino kuno, maliro sindinakaike, ndinaonera pa foni ndili mu yunifomu nthawi ya buleki ku keya homu, nyumba yosamalira okalamba, komwe ndinkagwira usiku. Tsiku limenelo ndinangoti Mulungu akalola ndimalize, amayi okhawo adzandione ndi maso awo nditavala gauni. Ya tikiti ndinalibe. Inu a pa gulupu yathu ya WhatsApp ya ku Leicester munasonkha, uyu mapaundi 20 uyu 50, ena munanditengera mashifiti sabata ya giladuweshoni, anti aja anakhala nane usiku wonse kudzaza mafomu a viza. Sindikutchulani maina poti ena munakana, koma mukudzidziwa.

Giladuweshoni itatha achimwene ena anangobwera ndi makiyi, galimoto ili fulu thanki, akuti mayi sangachoke ku Malawi kudzangoona makoma a fulati yako. Mlamu anatenga ofu masiku anayi kuti atiyendetse poti ine laisensi ndangoitenga kumene.

Tinayambira ku Cotswolds, pa Bourton-on-the-Water. Kamtsinje ka Windrush kamadutsa pakati pa mudzi, madzi ake ofika mu akakolo basi, timilatho tamiyala tafupitafupi, nyumba zonse zamwala wachikasu ngati uchi. Koma amayi maso awo anali pa nkhosa ndi mipanda ija yamiyala yongosanja popanda simenti, anatiimitsa kuti aigwire, akuti amene anasanja izi sanali pa changu. Misewu ya kumeneko ndi yopapatiza heve, mbali zonse tchire lodulidwa bwino, mukakumana ndi thalakitala wina abwerere m'mbuyo. Tinaphulitsa tayala mu kamsewu koteroko netiweki kulibe, ndipo bambo wina mlimi amene sitikumudziwa ngakhale dzina anasiya ntchito yake kudzatigwirira jeki, ndalama anakana. Nayenso zikomo, ngakhale sadzawerenga izi.

Ku Bath tinakaona malo osambira amene Aroma anamanga zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, madzi amatuluka pansi ali otentha madigiri 46. Amayi atangoona nthunzi anati awa ndi Mawira a kwathu awa, kungoti kuno anawamangira nyumba. Kusamba simusamba m'menemo, mumangoona. Stonehenge tinaidutsa tsiku lachiwiri, miyala imaonekera pa msewu wa A303 ndipo magalimoto amayenda pang'onopang'ono aliyense akusuzumira, miyala ikuluikulu ija inaimikidwa zaka pafupifupi 4,500 zapitazo ndipo ing'onoing'onoyo inachokera ku Wales, makilomita oposa 200. Mphepo yake inali yoopsa, mawondo a amayi anayamba kudandaula, sitinakhalitse.

Komwe ndikufuna mumve bwino ndi ku Winchester. Amayi akhala mu Mothers' Union ya Anglican kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo ine sindimadziwa kuti yunifomu yawo ya buluu ndi yoyera anaipinda pansi pa sutikesi, anaisita okha usiku ku gesiti hausi osandiuza. Mary Sumner amene anayambitsa bungweli mu 1876 ku Old Alresford, mudzi wa pafupi pomwepo komwe amuna ake anali wansembe, anaikidwa panja pa tchalitchi chachikulu cha Winchester. Ife timasochera pofuna mandawo, kenako gogo wina wachizungu wothandiza alendo anaona baji ya pachifuwa pa amayi, anangoima, nkutsegula jekete lake kutionetsa yake, baji yomweyo. Chizungu cha amayi ndi chochepa, gogoyo Chichewa ziro, koma anagwirana dzanja kuyenda mpaka pa manda ine ndi mlamu tikutsatira m'mbuyo. Amayi anagwada pa udzu wonyowa ndi mawondo opweteka aja nkuyamba nyimbo ya ku maliro ija amaimba azimayi kwathu, chapansipansi, ndipo ndi pamene ine ndinalira bambo anga koyamba bwinobwino, kulira kumene ndinakusunga zaka ziwiri. Mlamu anangotisiya, anakaima patali, sanayang'ane wotchi ngakhale pakingi inali itatha. Alamu, zimenezo sindidzaiwala.

London musalowe ndi galimoto, pakati pa tauni amalipiritsa komanso poimika ndi podula, ife tinaisiya kwa achemwali amene anatisunga nkukwera sitima. Achemwali inu munatipatsa bedi lanu nkugona pa sofa, munaphika nsima ya m'gaiwa naini koloko ya usiku mutachoka ku ntchito, amayi akukutchulanibe. Ku tchalitchi cha Westminster Abbey tinakaima pa mwala wa pamanda a David Livingstone, uli pansi penipeni pomwe anthu amayenda. Anamwalira mu 1873 kwa Chitambo ku Zambia, mtima wake anaukwirira komweko pansi pa mtengo, thupi analinyamula omuthandiza ake Susi ndi Chuma ndi anzawo mpaka kunyanja yamchere, nkudzaikidwa mu 1874. Amayi anakulira pafupi ndi mtengo uja wa ku Nkhotakota umene amati Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe pa nkhani ya ukapolo, ndiye anaima nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti nanga amene anamunyamulawo anaikidwa kuti. Funso limenelo likundizungulirabe m'mutu. Kulowa ngati mlendo woona malo mumalipira, koma mapemphero a madzulo ndi aulere, tinabwereranso kudzamva kwaya ndipo amayi anati ngakhale akanangobwerera izi zokha zikanakwana.

Amene makolo anu akubwera chilimwe chino, atengeni ndithu muwayendetse, nyamulani majekete ngakhale kuwale dzuwa, fulasiki ya tiyi ndi zakudya zophikiratu chifukwa za pa motowei zimadula, ndipo musapanikize malo ambiri tsiku limodzi, akuluakulu amafuna kukhala pansi aone bwino.

Achimwene, galimoto ndabweza yotsuka, tayala latsopano ndagula musakane. Amayi asiya mpunga wa ku Nkhotakota ndi nsinjiro, amanga okha m'timapepala ndipo aliyense amene anasonkha ali ndi kake, akuti ndisasiye ngakhale mmodzi. Ndili pa ofu Loweruka lonse, bwerani mudzatenge, tiyi adzakhalapo.