Masiku 9 okonzekera kutsitsa injini pabwalo la kwathu

Corolla ya amayi inanoka mu Ogasiti. Paipi ya madzi inaphulika pamsewu wa ku Mchinji, amene ankayendetsa sanayang'ane geji, ndipo pomwe ankaima n'kuti injini itapsa kale. Ndi ya 1997, ija amati AE110, ya injini ya 5A-FE. Titatsegula pamwamba tinapeza hedi itapindika, kumunsi nakonso kunali kutayamba kugogoda. Titawerengetsa ndalama zokonzera, tinaona kuti bola kugula injini ina yochokera ku Japan n'kusintha yonse. Amayi anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe si uli chaka chachiwiri cha umakaniko? Ku galaja tikalipirenji?"

Ndinavomera msanga chifukwa ku koleji tatsitsapo injini kawiri. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chivomerereni, ndipo injini yakale ikadali m'galimoto. Masiku onsewa apita ndi kukonzekera, ndipo ndaphunziramo zinthu zimene m'kalasi sindinazimve, mwina chifukwa kumeneko zimakhala zitachitika kale ife tisanafike. Pansi pali simenti yosalala, pamwamba pali denga, crane ili ndi matayala ake, sipanala iliyonse ili pamsomali wake. Sindinkadziwa kuti theka la ntchito yathu limagwiridwa ndi zinthu zimenezi.

Bwalo la kwathu ndi ladothi, lotsetsereka pang'ono kulowera kugeti, ndipo pakati pali mtengo wa mango. Maganizo anga anali oti ndimangirire tcheni buloko, chida cha tcheni chonyamulira katundu wolemera, panthambi yaikulu, monga timaonera m'magalaja a m'mbali mwa msewu. Lamlungu kunabwera amalume, amene akonza maminibasi kwa zaka zambiri. Anazungulira mtengowo, n'kugogoda nthambiyo ndi sipanala. "Mphwanga," anatero, "nthambi imatha kuoneka yamoyo kunja mkati itafumbwa. Ndipo siichenjeza." Anandikumbutsa kuti buloko ya 5A, thupi lenileni la injiniyo, ndi yachitsulo cholemera, osati aluminiyamu ngati ya 1NZ ya m'ma Probox ndi ma Sienta. Ikakhala pamodzi ndi giyabokosi imaposa matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, ndipo katundu yenseyo amalendewera pamwamba pa manja a munthu.

Tinakabwereka chimango cha mapaipi kwa bambo wina wowotcherera: miyendo iwiri mbali iyi, iwiri mbali inayo, mtanda pamwamba. Apa ndi pamene tepi yoyezera inayamba kugwira ntchito. Ndinayeza kuchokera pansi kufika pachitsulo chakutsogolo chogwira rediyeta, n'kuwonjezera kutalika kwa injini kuyambira pasampu mpaka pamwamba, n'kuwonjezeranso tcheni chomangira injini ndi thupi la tcheni buloko lenilenilo, limene nalonso limadya malo. Zonse zitaphatikizidwa, mtanda unafunika kukhala pafupifupi mamita 3 kuchokera pansi. Wathu unapelewera pang'ono. Tinaika matabwa ochindikala pansi pa miyendo, amene athandizanso kuti miyendoyo isamire m'dothi. Chikhala sindinayeze, tikanakweza injini n'kuipeza yakakamira pakati, yosatuluka, yosabwerera bwino.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi ichi. Ku koleji galimoto imaima, crane ndi imene imayenda ndi injini. Kunyumba n'zosemphana: injini imalendewera malo amodzi, galimoto ndi imene imakankhidwira kumbuyo. Ndiye kumbuyo kwa galimoto kuyenera kutsala malo osachepera mamita awiri, ndipo kutsetsereka kwa bwalo kuyenera kudziwika bwino, kuopa kuti galimoto yopanda injini ingathamangire kugeti. Tinaitembenuza kuti ikamabwerera izikwera pang'ono m'malo motsika, tinasalaza malowo ndi khasu, n'kudula zipika ziwiri zotchingira matayala.

Kenako kunabuka funso limene linanditengera usiku wonse. Kuti giyabokosi ituluke, ma driveshaft, mashafti opereka mphamvu kuchokera kugiyabokosi kupita kumatayala, ayenera kuchoka. Nanga galimoto tiikankha bwanji? Nati yaikulu ya pakati pa tayala, imene pagalimoto iyi imafuna soketi ya 30, ndi imene imapanikiza beringi kuti igwirane. Mukaimitsa galimoto pamatayala shafti palibe, kulemera kwake kumatha kuwononga beringiyo. Ndinakafunsa aphunzitsi athu pafoni ndipo anandiuza njira imene amakaniko ambiri amachita: kupeza mitu iwiri yakale ya CV joint (nsonga ya shafti yolowa pakati pa tayala), kuilowetsa m'mahabu, pamene tayala limamangidwa, n'kumanga manati, kenako n'kubwezera matayala. Amalume anali nayo iwiri m'thumba la zitsulo zakutha. Zinandisangalatsa kuona zimene tinajambula m'kope za beringi zikuyankha funso lenileni pabwalo pathu.

Pa zochirikizira galimoto sindinalole kukambirana. Mnzanga amene adzatithandize anati tingosanjikiza njerwa, poti zilipo zambiri kuseri kwa nyumba. Njerwa yootcha imapirira katundu ikakhala m'khoma, yogona bwino pamatope kapena pasimenti. Chitsulo chikaikanikiza pamalo amodzi imasweka mwadzidzidzi. Jeke nayenso ndi wokwezera basi. Ndabwereka ma stand awiri achitsulo, aliyonse akhala pathabwa lake, ndipo matayala amene tichotse tiwagoneka pansi pa galimoto kuti china chikalephera pakhale chogwira. Munthu wolowa kunsi kukamasula ekizozi ndine, ndiye nkhani imeneyi ndaitenga ngati ya moyo wanga.

Zamadzimadzi zinandipatsa ntchito ina imene ku koleji sitiiganizira n'komwe. Mu injini mutuluka oyilo pafupifupi malita 3, m'giyabokosi mutuluka wina, m'rediyeta mutuluka coolant, madzi amankhwala oziziritsa injini. Pakhomo pano pali nkhuku, galu, ana a aneba amene sachoka, ndi chitsime chapafupi ndithu. Coolant amatsekemera koma ndi poizoni, galu akanyambita wotayikira pansi akhoza kufa. Ndakonza beseni lakale ndi zigubu zitatu zokhala ndi zitsekerero, chilichonse ndachilemba dzina, ndipo pansi ndayala lona ndi makatoni. Petulo ndiye woopsa mwa njira ina. Amayi avomera kuti masiku amenewa mbaula isamukire kuseri kwa nyumba, ndipo chidebe cha mchenga chili pafupi. Pa batire timayamba kuchotsa waya wa negative, zimenezo aliyense wa chaka choyamba amadziwa, komabe ndazilemba pamwamba penipeni pa pepala langa chifukwa zodziwika bwino ndi zimene munthu amaiwala akatanganidwa.

Mbali imene ndaikonda kwambiri ndi ya kulemba zizindikiro. Ndajambula ndi foni zithunzi zoposa 60, pulagi iliyonse ya mawaya isanazulidwe, paipi iliyonse ya vacuum kuchokera mbali ziwiri, ndi malo onse pamene waya wa earth wamangidwa pathupi la galimoto. Waya wa earth mmodzi akaiwalika, galimoto imatha kukana kulira kapena kumachita zachilendo, munthu n'kumaganiza kuti wagula injini yowonongeka. Pulagi iliyonse ili ndi kachidutswa ka masking tape kokhala ndi nambala, ndipo nambala yomweyo ili pamene pulagiyo imalowa. Mabauti olumikiza injini ndi giyabokosi ndi osiyana kutalika, choncho ndajambula mkombero wake pakatoni n'kuboola mabowo kuti bauti aliyense akatuluka alowe pabowo lake. Mabauti ena onse ali ndi mabotolo odula pakati, olembedwa kuti sitata, alternator, mounting, ekizozi. Ndazunguliranso mahinji a boneti ndi cholembera kuti pobwezera isadzapendekeke. Kompresa ya AC ndi pampu ya power steering sititsegula mapaipi ake, tingozimasula n'kuzimangirira pambali ndi waya. Zipangizo zokha sizinavute: Toyota imakonda 10, 12, 14, 17 ndi 19, ndipo zimenezo ndili nazo. Torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira bauti, ndiyo ndabwereka.

Injini yatsopano tinakaigula ku Biwi. Tisanalipire ndinaizunguza ndi sipanala papule yakutsogolo kuti ndimve ngati ikuyenda popanda kukakamira, ndinasuzumira pansi pa chitsekerero cha oyilo, ndinamasulanso ma spark plug onse anayi kuona mtundu wake. Titafika nayo kunyumba n'kuikhazika patayala lakale, ndinaona kuti kumbuyo kwake kuli flexplate, chimbale chachitsulo chopyapyala, m'malo mwa flywheel yochindikala imene klatchi imagwirapo. Inachokera m'galimoto ya automatic, pamene ya amayi ndi ya manual. Si vuto lalikulu, flywheel ndi klatchi zichokera ku injini yakale, koma ndi bwino kuti ndadziwa lero kusiyana n'kudzazindikira injini ili m'malere dzuwa likulowa. Ndafananizanso mapulagi a masensa a injini ziwirizi limodzi ndi limodzi, ndipo pamene pakusiyana tigwiritsa ntchito za injini yakale kuti zigwirizane ndi mawaya a galimoto.

Ndinapempha amayi ndalama zina zoonjezera, ndipo poyamba sanamvetse chifukwa chogulira zinthu zatsopano injini imene tangogula kumene. Ndinawafotokozera kuti 5A imayendera timing belt, lamba wogwirizanitsa kayendedwe ka mavalavu ndi mapisitoni, amene amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo palibe akudziwa kuti uyu wayenda mtunda wotani. Lamba, pampu ya madzi ndi seal ya kumbuyo kwa crankshaft n'zosavuta kusintha injini ili pansi. Seal imeneyi ikadzayamba kudontha injini ili m'galimoto, ndiye kuti giyabokosi itsikenso. Anavomera. Mapaipi a madzi tagula atsopano onse awiri, poti ndi paipi imene inatifikitsa pano. Risiti ya injini ndaisunga pamodzi ndi blue book, ndipo nambala ya pabuloko ndaikopera m'kope, chifukwa tikamaliza tiyenera kupita ku Road Traffic kuti nambala yatsopanoyo ilowe m'mapepala a galimoto.

Nyengo nayo ndaiwerengera. Fumbi la miyezi ino likalowa m'mabowo otsegula a injini limapala zitsulo ngati sandpaper, ndiye bowo lililonse titseka ndi nsanza yoyera. Chizimalupsa chikhoza kugwa tsiku lililonse, choncho lona wachiwiri tamumanga kale pamwamba pa chimango. Tiyamba Loweruka 5 koloko m'mawa kukadali kozizira: amalume patcheni buloko, mnzanga kuwongolera injini, ine kunsi ndi kumawaya. Madzulo ano ndathira mafuta ofewetsa dzimbiri pamanati a ekizozi kachitatu, ndipo manati awiri a soketi ya 30 aja ndawamasulako pang'ono matayala akadali pansi.