Mawu anayi a pakhoma pathu

Pabalaza pathu pali mapositala atatu. Ndinakawapulintitsa ku Limbe nditatopa ndi makalendala a masitolo ogulitsa simenti. Ina ndi ya Rosa Parks, mayi amene anakana kusiyira mzungu mpando m'basi mumzinda wa Montgomery ku America pa 1 Disembala 1955. Ina inajambulidwa ndi gulu la Medu, anthu aluso a ku South Africa amene anathawira ku Gaborone m'nthawi ya tsankho: mayi wakweza chibakera, unyolo utaduka pamkono. Alendo amaziyamikira ziwirizi, ena mpaka kujambulitsa pomwepo.

Yachitatuyo anthu amangoidutsa. Ilibe nkhope, ilibe maluwa. Ndi pepala loyera lokhala ndi mawu anayi akuda bii, I AM A MAN, ndipo pansi pa AM pali mzere.

Mwana wa achemwali anga, wa Sitandade 7, anabwera kudzakhala nafe patchuthi. Ataiwerenga anaphulika nako kuseka. "Malume, munthu mpaka kulemba kuti ndi mwamuna? Ankamukayikira ndani?"

Ndinamukhazika pansi. Pa 1 Febuluwale 1968 mumzinda wa Memphis ku America kunkagwa mvula. Echol Cole ndi Robert Walker, amuna akuda ogwira ntchito yotola zinyalala, anausa kumbuyo kwa galimoto yawo, momwe mumalowa zinyalalamo. Makina opsinja zinyalala anadziyatsa okha chifukwa anali owonongeka, ndipo onse awiri anafera momwemo. Pasanathe milungu iwiri anzawo pafupifupi 1,300 ananyanyala ntchito. Ankafuna malipiro abwinoko, zipangizo zosapha anthu, komanso kuti bungwe lawo la apantchito livomerezedwe. Meya Henry Loeb anakana kwamtuwagalu. Ndiye anthuwa anayamba kuyenda m'misewu atanyamula zikwangwani za mawu amenewa, ndipo wojambula zithunzi Ernest Withers anawatola atandanda, zikwangwani zili mbee. Martin Luther King Jr. anapita ku Memphis kukawalimbikitsa, n'kuomberedwa komweko pa khonde la Lorraine Motel pa 4 Epulo. Sitalaka inatha pa 16 Epulo.

Mnyamatayo anamva zonsezi, koma funso lake linali lidakalipo. Mwamuna bwanji?

Apa ndiye ndinakumbukira agogo anga aamuna. Iwo anakagwira ukhukhi ku Salisbury, komwe lero timati Harare, zaka zambirimbiri. Ankatiuza kuti anafika pomera imvi, ana kumudzi atakwatira kale, koma kamwana ka bwana ka zaka zisanu kankawaitanabe kuti boyi. Ankasimba nkhaniyi akuseka, koma kuseka kwake kunali kwa pamano pokha. Kumwera kwa dziko la America azungu ankaitananso amuna akuda ndi liwu lomwelo, kaya munthuyo ndi mbusa, kaya ali ndi zidzukulu. Chikwangwani chija chinkayankha liwu limenelo.

Ndakhala ndikulimbana nako kuti m'Chichewa ndingati chiyani. "Ndine mwamuna" ikumveka ngati munthu wodzitama pamowa. "Ndine munthu" ndi yokoma, koma ikusiya kunja nkhani ya imvi ija. Mwina "Ndine munthu wamkulu". Chilembwe, amene anakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, yankho lake linali chipewa. Pa chithunzi cha 1914 waima pambali pa mmishonale wachizungu John Chorley chipewa chili kumutu, nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Mmalawi waluso Samson Kambalu anaumba chipilala kuchokera pa chithunzi chomwecho, ndipo chinaikidwa ku Trafalgar Square ku London mu 2022. Kunena zoona, positala yachinayi iyenera kukhala imeneyo, khoma likangopakidwa penti.

Ndili mkati mofotokoza, panja panamveka chikwanje. Ndinauza mnyamatayo kuti akapereke tiyi kwa gadeniboyi. Anaima pakhomo, kapu ili m'manja, n'kuyang'ana pakhoma, kenako n'kuyang'ana ine.

"Malume, abambo aja si aakulu kuposa inu?"

Ndi aakulu ndithu. Amandiposa ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo mwana wawo woyamba ndi mphunzitsi ku Chikwawa. Ndinamulanda kapu ija n'kukapereka ndekha.