Password Inali Yolondola, Wolakwa Anali Ine

Ndimayang'anira kapulogalamu kamene makalaliki a gulu lina la alimi a tiyi kuno ku Mulanje amalembera makilo a masamba pa sikelo. Ndinakalemba ndekha mu Java, kamayenda pa seva ya Tomcat, ndipo mayina a ogwiritsa ntchito amasungidwa mu database ya MySQL.

Kwa masabata awiri, foni yanga inkalira kusanache bwino. Anali mayi wina wa ku sikelo ya kufupi ndi Limbuli. "Achimwene, yakananso. Ikuti password ndi yolakwika." Alimi ali pamzere ndi madengu, chiperoni chikuwaza. Poyamba ndinkawauza kuti alembe mofatsa, mwina akusakaniza zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Ndikazimitsa Tomcat n'kuyatsanso, ankalowa bwinobwino, ine n'kumati ndi netiweki. Mpaka lero zimandipweteka kuti ndinawakayikira.

Chinandipulumutsa ndi kutsegula catalina.out, fayilo ya log imene Tomcat imalembamo zochitika, m'mawa vutolo likuchitika, ndisanakhudze kalikonse. Munali mawu akuti "Communications link failure", kutanthauza kuti kulumikizana ndi database kwaduka. Nditayang'ana code yanga yolowera, ndinapeza kuti cholakwika chilichonse chikachitika, ndinkachigwira n'kuonetsa uthenga umodzi womwewo wa password yolakwika. Database ikalephera kuyankha, mlandu unkagwera kalaliki.

Apa ndifotokoze pang'ono za pool. Kutsegula connection yatsopano ku database kumadya nthawi, choncho pulogalamu imasunga angapo otsegula kale mu pool, ngati njinga zoima pa siteji ya kabaza. Wofuna ulendo amatenga imodzi, akafika imabwerera pa siteji. Koma MySQL ili ndi wait_timeout, yomwe ukapanda kuisintha imakhala masekondi 28800, maola 8. Connection ikakhala phee kupitirira pamenepo, MySQL imaidula osauza pool. Makalaliki athu amaweruka 5 koloko madzulo n'kuyamba 6 m'mawa. Ndi maola 13. Pool inkapereka njinga yophwa matayala.

Mu context.xml, fayilo ya makonzedwe a Tomcat, ndimagwiritsa ntchito pool ya tomcat-jdbc, ndipo mmenemo testOnBorrow imabwera ili false. Ndinaiika true, n'kuwonjezera validationQuery ya SELECT 1, kuti connection iziyesedwa isanaperekedwe. Ndinaikanso maxAge ya ola limodzi kuti okalamba azitayidwa MySQL isanawadule. Poyesa sindinadikire usiku wonse: pa kompyuta yanga ndinatsitsa wait_timeout kufika masekondi 60, n'kupita kukamwa tiyi, n'kubwera kudzalowa. Zinatheka.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Patsiku lolipira alimi, pulogalamu inaumanso cha m'ma 10 koloko. Ulendo uno tsamba linkangozungulira kwa masekondi 30, omwe ndi maxWait, nthawi yodikira connection, kenako PoolExhaustedException, kutanthauza kuti mu pool ma connection atha. Ndinalowa mu MySQL n'kulemba SHOW PROCESSLIST, lamulo loonetsa ma connection otsegula. Ma connection onse 20 omwe ndinaloleza pa maxActive anali pa Sleep, osagwira ntchito iliyonse, koma pool inkati onse ali pa ulendo.

Mtima unkandiuza kuti ndingokweza 20 kukhala 100. Zikanangochedwetsa imfa, komanso MySQL payokha imayamba ndi malire a ma connection 151. M'malo mwake ndinayatsa removeAbandoned ndi logAbandoned, kuti pool izilanda connection amene watha masekondi 60 osabwerera, n'kulemba mu log mzere wa code umene unamutenga. Mzerewo unali mu code yolowera ija. Password ikakhala yolondola, ndinkatseka connection. Ikakhala yolakwikadi, code inkatuluka ndi return isanafike pa close. Munthu aliyense wolakwitsa chilembo ankapita ndi njinga imodzi osabweza, ndipo tsiku la malipiro olowa ndi ambiri, zala zikuthamanga. Masiku ena onse ndinkabisa bowoli ndekha pozimitsa Tomcat m'mawa uliwonse.

Ndinalembanso gawolo ndi try-with-resources, yomwe ilipo kuyambira Java 7, kuti connection azibwerera ngakhale code ituluke khomo liti. Kenako ndinalakwitsa dala password maulendo 50 motsatizana, ndikuyang'ana PROCESSLIST. Nambala sinakwere.

Chomaliza chinali uthenga uja. Tsopano database ikavuta, tsamba limati vuto ndi la makina, aimbire ofesi. Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi ya ku Muloza n'kutsikira pa Limbuli, kukawafotokozera mayi aja pamaso pa anzawo kuti masiku onse aja ankalemba password yolondola.